Kukweza Nyimbo Osaing'amba

Nkhani ya pa wailesi m'Cinyanja

Nkhani ya lero iri ya oyimba, makamaka amene amajambula nyimbo zao kunyumba ndi foni kapena kompyuta, nadandaula pambuyo pace kuti nyimboyo siimveka mokweza monga zimvekera za anzao a ku Lusaka ndi ku Johannesburg.

Taganizani za mnyamata wa ku Wusakile. Wasunga ndalama miyezi itatu, wagula maikolofoni, ndipo m'cipinda ca kuseri ca nyumba ya amalume ace wajambula nyimbo imene anaipeka yekha. M'mahedifoni nyimboyo ikoma. Loweruka apita nayo kwa mwini bawa, amene abvomera kuiika pakati pa nyimbo zina. Koma ikangoyamba, kukhala ngati wina watseka citseko pakati pa sipika ndi anthu. Obvina aima, ena apita kukagula mowa. Mnyamata abwerera ndi manyazi, atsegula kompyuta, nakankha cokwezera mau mpaka pamene cithera. Loweruka lotsatira nyimbo ifuula ndithu, koma ng'oma ithetheka ngati cimanga m'ciwaya, ndipo mau ace asasa ngati a munthu amene wacezera kuyimba pamaliro. Mwini bawa aizimitsa isanafike pakati, poopa kuti masipika ace angapse. Kacitatu sadzamlolanso, ndipo a pa wailesi, amene amalandira nyimbo zoculuka sabata iri yonse, sadzadikira kuti ndime yoyamba ithe.

Mnyamatayu sanalakwe pofuna kuti nyimbo yace imveke. Analakwa poyesa kuti kukweza ndi nchito ya cala cimodzi. Kuti aone pamene anapunthwa, ayenera kudziwa zinthu ziwiri, cina ca makina, cina ca khutu la munthu.

Mau ndiwo mafunde a mpweya. Ng'oma ikaombedwa, cikopa cikankha mpweya ndi kuubweza, ndipo mafundewo afika ku maikolofoni, imene iwasandutsa mafunde a magetsi. Kompyuta iyesa msinkhu wa fundelo kawiri kawiri, niulemba m'manambala. Pa mbale ya CD iyesa ka 44,100 pa sekondi imodzi. Tsono manambalawa ali ndi polekezera. Pali nambala yaikuru imene makina sangathe kulemba yoiposa, ndipo imeneyo ndiyo denga la nyimbo. Pa coyezera ca pa kompyuta dengali lilembedwa 0, ndipo zonse ziwerengedwa kutsika pansi pace, -6, -12, -18, m'muyeso wochedwa decibel, umene mwacidule ulembedwa dB. Wa ku mgodi sadzabvutika ndi mawerengedwe awa, pakuti nayenso amawerenga malevulo kucokera pamwamba kutsika, ndipo adziwa kuti nambala ikakula ndiye kuti munthu ali pansi kwambiri. Kusiyana kwace nkwakuti cikepe ca mgodi cikafika pamwamba munthu amaturuka, koma funde la mau likafika pa 0 liribe koturukira. Nsonga yace idulidwa, pamwamba pace nipakhala posalala ngati tebulo, ndipo khutu limva nsonga zodulidwazo monga kuthetheka ndi kusasa. Akatswiri acicha clipping, ndiko kunena kumeta.

Acikulire amene anaona makina a tepi adzakumbuka kasingano ka coyezera kamene kanali kugwedezeka, nikalowa pofiira nthawi zina popanda munthu kuda nkhawa. Tepi ndi mavavu a mawailesi akale zinali ndi cifundo: zikalemedwa zinali kupinda nsonga ya funde pang'ono pang'ono, ndipo kupindako anthu ena anakukonda. Mbale za galamafoni zinali ndi malire ao ao, pakuti zikadulidwa mokweza kwambiri singano inali kulumpha mumzera. Kompyuta iribe cifundo cotere. Pansi pa 0 ilemba zonse mokhulupirika, pamwamba pa 0 imeta, ndipo siipepesa.

Caciwiri ndico cimene ambiri sacidziwa. Khutu siliyesa kukwera kwa nyimbo ndi nsonga zace. Kuomba kwa ng'oma kukwera msanga nikutsika msanga, m'kamphindi kosakwana kuphethira kwa diso, ndipo khutu silikuwerengera kwambiri. Cimene limva ndico thunthu la mau, ndiko kuculuka kwa mau amene akhalitsa: a woyimba, a gitala, a kwaya yobvomera. Lori yonyamula makala ifika pa mlatho wa njanji wofupika. Matumba afika pakati pokha pa msinkhu wololedwa, koma pakati pao paimikidwa mtengo umodzi wautali, ndipo nsonga yace ikhudza kale mlatho. Mwini lori akati akweze katundu yense poika matabwa pansi pace, mtengo ndiwo uyamba kuthyoka. Akaugoneka mtengowo, kapena kuufupikitsa, apeza malo a matumba ena ambiri, ndipo lori ipita yodzala osakhudza kanthu. Nchito yonse ya kukweza nyimbo ndiyo imeneyi: kufupikitsa nsonga zowerengeka kuti thunthu lipeze malo okwera.

Manambala awiri adzathandiza. Kuonjeza 6 dB ndiko kutalikitsa funde kawiri. Koma kuti khutu libvomere kuti nyimbo yakwera kawiri pafunika ngati 10 dB, ndipo kwa sipika 10 dB ndiyo mphamvu ya magetsi yoculuka kakhumi. Cifukwa cace nyimbo imene thunthu lace liri 10 dB pansi pa inzace imveka ngati theka lace, cinkana nsonga za zonse ziwiri zikhudza denga limodzimodzi. Ndizo zinacitika m'bawa muja Loweruka loyamba.

Nchito iyamba woyimba asanatsegule pakamwa. Ayambe wayesa ndime imene afuulamo koposa, ndipo wojambula atsitse cokwezera ca maikolofoni kufikira nsonga ziima pafupi ndi -10, osafika pa 0 ngakhale kamodzi. Ena aopa kuti mau adzakhala ocepa. Mantha amenewa ngocokera ku masiku a tepi, pamene mau otsika anali kumira m'kaphokoso ka tepi yeniyeniyo. Lero sikutero. Muyeso wa 16 bit wa pa CD uli ndi malo okwana 96 dB kucokera pansi kufika padenga, ndipo wa 24 bit, umene makina ambiri ojambulira ali nao, uli ndi malo oculuka koposa amene khutu kapena cipinda ciri conse cingafune. Mau ojambulidwa motsika akwezeka mawa osataya kanthu, koma ometedwa pojambula sabwerera. Madzi akatayika saoleka. Zilipo zipangizo za pa kompyuta zoyesa kusoka nsonga zometedwa, koma cigamba ncigamba, ndipo kuyimbanso ndimeyo kufulumira koposa kusoka.

Mtunda wa pakati pa kamwa ndi maikolofoni ndiwo cokwezera cosalira ndalama. Kuufupikitsa ndi theka kuonjeza ngati 6 dB pa mau a woyimba, pamene firiji, agalu, ana a pakhomo ndi mvula ya pa malata zikhala pomwe zinali. Dzanja limodzi lotambasula, masentimita 15 kapena 20, ndiwo mtunda woyambirapo. Koma pano Cinyanja ciri ndi msampha wace. Munthu aike dzanja pakamwa nanene kuti phiri, thumba, khasu. Adzamva mphepo iomba m'cikhato. Mphepo imeneyo ya ph, th ndi kh ikamenya maikolofoni ipanga nsonga yaitali koposa ya ng'oma, ndipo nsonga imodzi yotere ikhoza kutsekereza nyimbo yonse kuti isakwere. Mankhwala ace ndi sokisi yopyapyala yokungidwa pa waya wopindidwa ngati mkombero, yoimikidwa pakati pa kamwa ndi maikolofoni. Kapena woyimba ayang'anitse kamwa pambali pang'ono. Akafika pofuula abwerere m'mbuyo, akafika ponong'ona asendere. Oyimba ozolowera amacita izi osaganiza.

Cipinda naco ciyimba. Makoma a simenti abweza mau, ndipo tsiku lokweza likafika, mau obwezedwawo akwera pamodzi ndi nyimbo, nimveka ngati yojambulidwa m'thanki. Matiresi otsamiritsidwa kukhoma, mabulangete opacikidwa pa cingwe kumbuyo kwa woyimba, kabati ya zobvala yotsegula, zonsezi zimwa mau obwerera. Firiji izimidwe kwa kanthawi, wojambula asaiwale kuiyatsanso, kuti mlandu wa ndiwo usamgwere.

Hugh Tracey, amene anajambula nyimbo za anthu a ku migodi ya kopa m'caka ca 1957, anali kugwira maikolofoni m'dzanja nayenda nayo pakati pa oyimba, kuiyandikiza kwa wa gitala, kenaka kwa mtsogoleri wa nyimbo, ndi kuitalikitsa kwa ng'oma. Kulinganiza mau kunali nchito ya mkono ndi mapazi. Kwaya ya ku chalichi imene iri ndi foni imodzi yokha ikhoza kutengerapo nzeru: ng'oma ndi amuna a mau akuru aime patali, a mau ofatsa aime pafupi, ndipo theka la nchito ya kompyuta latha isanayatsidwe. Cenjezo limodzi kwa ojambula ndi foni: mafoni ambiri amadzikwezera okha pamene kuli zii, nadzitsitsa okha pamene kwabuka phokoso. Pa kulankhula cimeneci ncabwino, koma pa nyimbo cicititsa mau kukwera ndi kutsika ngati bwato pa Kariba. Ngati pulogalamu yojambulira ilola, cizimidwe.

Mau atajambulidwa, poyamba kuyang'ana ndi pansi. Mafunde a besi ndi a ng'oma yaikuru ndiwo amadya malo ambiri pansi pa denga. Cingwe cacikuru ca gitala ya besi ya zingwe zinai cinjenjemera ka 41 pa sekondi. Magetsi a m'nyumba za m'Zambia ang'ung'udza ka 50 pa sekondi, ndipo kung'ung'udzako kulowa m'mawaya osalimba. Koma mau a mwamuna woyimba satsika kawiri kawiri pansi pa 80. Cotero m'mzera wa woyimba, zonse za pansi pa 80 siziri nyimbo ai. Ndizo kugunda kwa phazi pa simenti, kudutsa kwa lori pa mseu, ndi mphepo ya ph imene inapulumuka sokisi. Cipangizo cochedwa high-pass filter ndico sefa yolola za pamwamba kupita ndi kutsekera za pansi. Ciikidwe pa mau, pa gitala, pa kiyibodi, pa 80 kapena 100, ndipo malo a pansiwo asiyidwire besi ndi ng'oma zokha. Khutu silidzamva kuti kanthu kacoka, koma coyezera cidzatsika, ndipo kutsikako ndiko phindu.

M'caka ca 1933 akatswiri awiri a ku America, Fletcher ndi Munson, anasindikiza zimene anapeza poyesa makutu a anthu, ndipo zinaoneka kuti khutu silimva mau onse mofanana. Lichera bwino koposa pa mafunde a pakati pa 2,000 ndi 5,000 pa sekondi. Koma kuti limve mau a pansi mokweza comweco, mauwo asowa mphamvu yoculuka kwambiri. Pamwamba pa ici, sipika wa foni, amene sasiyana kukula ndi njere ya nyemba, sangathe konse kuturutsa funde la 41. Mai wogulitsa tomato pa msika wa Chisokone, amene amvera nyimbo pa foni yace, samva kanthu ka mphamvu yonse imene wojambula anaitsanulira pansipo. Okonda kalindula adzatsutsa, nati kalindula yopanda besi ndi nsima yopanda ndiwo. Anena zoona, ndipo palibe amene auza munthu kuti ataye besi. Cofunika ncakuti besi ndi ng'oma yaikuru zisalimbirane mpando umodzi. Zikamenya pamodzi ndi mphamvu zao zonse mafunde ao aunjikana, nsonga nikula. Wojambula asankhe kuti mwa ziwirizi ndi iti idzagwira pansi peni peni, inzace aicepetseko pamenepo.

Pano nkoyenera kukumbuka wailesi ya Saucepan Special, imene inafika m'dziko lino m'caka ca 1949. Anaipanga a Ever Ready ku Britain popemphedwa ndi Harry Franklin, nigulidwa mapaundi 5. Inali ya batire, sipika wace wocepa. Komabe mau a Alick Nkhata, amene anagwirako nchito ndi Tracey asanalowe pa wailesi ya ku Lusaka, anali kusonkhanitsa anthu pabwalo. Mau a munthu ndi gitala zikhala pakati, pamene sipika wocepa ndi khutu zimvana. Nyimbo imene pakati pace pali poyera, mau a woyimba osakwiriridwa ndi zoyimbira zisanu zolira nthawi imodzi, imveka yokweza ngakhale coyezera cikana. Nthawi zina njira yacidule yokwezera nyimbo ndiyo kuuza wa kiyibodi kuti apume pamene woyimba ali kunena mau.

Tsopano za nsonga. Njira yoyamba ndiyo ya manja, ndipo ndiyo yonyozedwa koposa cifukwa iri yotopetsa. Mapulogalamu ojambulira, monga Audacity, imene inaturuka m'caka ca 2000 ndipo ipezeka kwaulere, amaonetsa nyimbo ngati cithunzi ca udzu womera m'mbali mwa mseu. Wojambula akaciyang'ana adzaona mapesi asanu kapena asanu ndi limodzi otalika koposa ena onse: pamene woyimba anafuula mwadzidzidzi, pamene wa ng'oma anakondwa. Asankhe liri lonse pa lokha, nalitsitse ndi 3 dB kapena 4. Mau amene anamezedwa kumapeto kwa mzera awakwezeko. Nchito ya theka la ola imeneyi siisiya cipsera, pakuti ikhudza malo olakwa okha.

Njira yaciwiri ndiyo compressor. Ameneyu ali ngati mnyamata woikidwa pa cokwezera, wa dzanja lofulumira koposa la munthu, wouzidwa kuti mau akapitirira mzera wakuti atsitse, akabwerera abweze. Mzerawo uchedwa threshold, ndipo muyeso wa kutsitsa uchedwa ratio. Pa ratio ya 4:1, mau akapitirira mzera ndi 8 dB aturuka atapitirira ndi 2 dB yokha. 6 dB yapulumutsidwa, ndipo mzera wonse wa mau ukhoza kukwezedwa ndi muyeso umenewo. Pali zinanso ziwiri zoti amuuze mnyamatayu, ndizo kufulumira kwa kugwira ndi kufulumira kwa kutaya. Akagwira msanga kwambiri apha kuthwa kwa ng'oma, nimveka ngati munthu aomba pilo. Akataya pa nthawi yolakwika nyimbo ipuma wefuwefu ngati wokwera citunda ndi njinga ya makala. Cizindikiro cakuti wapitirira ncapafupi: mpweya wa woyimba ndi phokoso la cipinda ziyamba kumveka mofanana ndi mau. Pa woyimba kutsitsa kwa 3 dB kapena 4 nkokwanira poyamba. Pa nyimbo yonse pamodzi, 1 kapena 2.

Wotsiriza ndiye limiter, kapitao wa pa geti, amene salola nsonga iri yonse kupitirira muyeso woikidwa. Sameta monga licitira denga. Aona nsonga iri kudza, naitsitsa mwakamphindi isanafike. Aikidwe kumapeto kwa zonse, denga lace pa -1, ndipo nyimbo ikankhidwire kwa iye pang'ono pang'ono kufikira coyezera cace cionetsa kuti atsitsa 2 dB kapena 3 pa malo okweza. Anyamata ambiri amalumpha zonse zanenedwa kale, nasenzetsa limiter 10 dB yekha. Iye sakana, koma ng'oma ifota, mau alimba, ndipo kuthetheka kubwerera pa khomo la kuseri.

Masamu ace akhoza kukhala otere. Tinene kuti nyimbo ya mnyamata uja inali ndi nsonga pa -1 ndi thunthu pa -24, ndipo afuna thunthu lifike pa -14 nsonga ziri pomwepo. Asowa 10 dB. Sefa ya pansi impatsa mwina 2, manja ace 3, compressor 3, limiter 2. Palibe mwa anaiwa amene walemedwa, ndipo khutu silingaloze pamene panadulidwa. Mutu umodzi susenza denga. Manambala adzasiyana pa nyimbo iri yonse, koma kagawidwe kace ndi komweko.

Nanga bwanji -1, osati 0? Cifukwa nyimbo siikhala m'kompyuta ya mwini wace. Isandutsidwa MP3 kuti icepe, ndipo posandutsapo mafunde asintha pang'ono, nsonga zina nizitalika. Nyimbo yotsamira denga idzametedwa pamenepo, mwini wace atagona. Decibel imodzi yosiyidwa ndiyo malo a mutu. Ndiponso mwini nyimbo asunge yoyambayo ya WAV, ndipo MP3 iri yonse icokere kwa iyo. Kusandutsa MP3 kukhala MP3 ina kuli ngati kufotokopa pepala lofotokopedwa kale. Potumiza pa WhatsApp aitumize monga document, kuti ifike monga inacokera. Asaiyimbitse pa sipika ndi kuijambulanso ngati uthenga wa mau, monga acitira ena.

Funso limene latsala ndilo lakuti, kodi kukweza kokwanira nkuti? Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani a nyimbo anacita mpikisano, yense kufuna kuti mbale yace ifuule koposa ya mnzace, mpaka anthu anaucha nkhondo ya kukweza. M'caka ca 2008 gulu la ku America la Metallica linaturutsa mbale yochedwa Death Magnetic, yofinyidwa kotero kuti okonda gululo eni ace anadandaula za kuthetheka, ndipo ambiri anati nyimbo zomwezo zimveka bwino m'masewera a Guitar Hero, mmene zinalowa zosafinyidwa motero. Ngati anthu a ndalama zao ndi makina ao anagwa m'mbuna imeneyi, mnyamata wa ku Wusakile asadzione wopusa.

Nkhondoyo inazirala cifukwa ca muyeso watsopano. M'caka ca 2006 bungwe la maiko la ITU linakhazikitsa njira yoyesera kukwera kwa mau monga khutu limvera, ndiye kuti thunthu, osati nsonga. Muyesowo uchedwa LUFS. M'caka ca 2010 bungwe la mawailesi a ku Ulaya linapangana kuti mapulogalamu ao adzikhala pa -23. Spotify imalinganiza nyimbo pa -14, niilangiza opanga nyimbo kuti nsonga zisapitirire -1. YouTube nayo imatsitsa zofuula kwambiri kufika pafupi pomwepo. Tanthauzo lace ndi ili: nyimbo yofinyidwa kufika pa -7 idzatsitsidwa ndi 7 dB, niima pambali pa inzace ya -14 pa msinkhu umodzi, koma iyo yataya kale kuthwa kwa ng'oma, inzace isanataye. Yofuulayo ndiyo imveka yaing'ono.

Koma coonadi cisabisike. M'bawa, m'minibasi ya ku Matero, pa kafulashi kopatsana pa msika, mulibe wolinganiza, ndipo nyimbo zambiri za malonda zimakwezedwa kupitirira -10. Nyimbo ya -14 idzamveka yotsikirapo pakati pa izo. Woifunira malo otere akhoza kuikankha kufika pa -12 kapena -11, ngati ikhala yoyera, ndipo kusiyana kotsalako mwini bawa akukonza ndi cala osazindikira. Kupitirira apo ndi makina a kunyumba ndi makutu osazolowera ndiko kuiwala kuti ng'oma yoliritsa siicedwa kung'ambika. Mwini bawa angathe kukweza nyimbo yotsika, koma sangathe kucapa yothetheka.

Wina adzafunsa kuti, nanga Paul Ngozi? Nanga a Amanaz a ku Kitwe, amene mbale yao ya Africa inaturuka m'caka ca 1975? Magitala ao anali kusasa dala, ndipo lero mbale zimenezo zifunidwa ku Ulaya ndi ku America. Nzoona. Koma kusasa kwao kunali pa gitala yokha, kosankhidwa, monga tsabola m'ndiwo. Woyimba ndi ng'oma anali ndi malo ao. Kumeta kwa padenga kugwera onse pamodzi, monga tsabola wothiridwa m'nsima, m'madzi ndi m'tiyi momwe. Ndipo nzeru ya Ngozi iri ndi nchito mpaka lero: besi ikapatsidwa kusasa pang'ono pa iyo yokha, ibala mafunde ena a pamwamba amene sipika wa foni angathe kuturutsa, ndipo khutu, pomva anawo, lidziwa kholo lace cinkana silinalimve. Motero mai wa pa msika uja alandira besi yace, denga osakhudzidwa.

Mau ena apite kwa a ku migodi. Munthu amene wagwira zaka pafupi ndi makina oboola mwala kapena cigayo ca miyala amayamba kutaya mau a pamwamba, a pafupi ndi 4,000 pa sekondi, ndiwo omwe aja apatsa nyimbo kuwala kwace. Iye samva kuti wataya kanthu. Aona ngati nyimbo ndiyo yazirala, naonjeza za pamwamba ndi kukweza, mpaka ena agwira makutu. Muyeso wodziwika pa nchito ngwakuti phokoso la 85 dB lisapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo kwa alangizi ambiri 3 dB iri yonse yoonjezera idula nthawiyo ndi theka. Mahedifoni okwezedwa usiku aonjeza pa ngongole ya masana, ndipo makutu ofa sauka. Woturuka pa shifiti asaweruze nyimbo tsiku lomwelo makutu ali kulira. Adikire tsiku lopuma, amvere motsika kotero kuti angathe kuceza ndi mnzace osafuula, ndipo aitane mwana wa mlongo wace wa makutu atsopano kuti anene ngati amva kuthetheka.

Poyesa ngati nchito yakoma, pali cinyengo cimodzi coti acenjere naco. Nyimbo ziwiri zikaikidwa pamodzi, yokwerapo pang'ono imveka yokoma koposa, cinkana yaipa. Cifukwa cace wojambula atsitse yatsopanoyo kufikira ilingana ndi yakale, namvere zonse ziwiri mosinthana. Ngati pa msinkhu umodzi yakale iri ndi moyo woposa, wafinya kwambiri; abwerere kwa limiter namcotsere katundu. Acite cimodzimodzi ndi nyimbo ya malonda imene aikonda, aitsitse ilingane ndi yace, kuti amve kusiyana kwa besi ndi kwa mau popanda kunyengedwa ndi kufuula.

Atatha apo aiike pa foni, foniyo aiike pa tebulo, naime pakhomo kuti amve ngati mau a nyimbo adziwika. Aipereke kwa dalaivala wa minibasi amene adziwana naye, nakhale pa mpando wa kumbuyo, pamwamba pa sipika. Kwa mwini bawa apite masana, anthu asanadze, napemphe kuti aiyese pakati pa nyimbo ziwiri zochuka, iye ali ciriri pakati pa bwalo lobvinira ndi pepala m'dzanja, kulemba mphindi imene khutu lace lakhumudwa.